Bokosi Limene Kalaliki Anagulitsa

4 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga Bambo? Lamlungu nditawaimbira anangoti, "Tili bwino, usathe mayunitsi," n'kudula. Kuno kulibe vuto, kungoti kuzizira sikunandizolowere mpaka lero.

Ndalemba imelo chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndipo pa foni mumakonda kundidula pakamwa. Ndalama za kiripito mukuzidziwa, zija zosagwirika m'manja, zimene anthu amasunga m'chikwama cha pa foni. Ntchito imene takhala tikugwira kukampani kwa miyezi khumi ndi yoti chikwamacho chizitha kukambirana chokha ndi sitolo ya pa intaneti. Wogula amangochiuza kuti, "Ndipezere tebulo la anthu anayi Lachisanu lisanafike." Icho chimasaka, chikapeza sitolo chimanenerera ndi pulogalamu ya sitoloyo, n'kugwirizana mtengo, tsiku lotenga katundu ndi wonyamula. Zikamvana, ndalama zimatsekeredwa pakati, ndipo zimalowa kwa wogulitsa katundu akangonyamulidwa. Zikatero palibenso wobwerera m'mbuyo. Mfundo yomalizayi ndinaiika ndine, ndipo abwana anandigwira chanza pamaso pa anthu.

Tsono tikufuna masitolo ang'onoang'ono oyesererapo, ndipo ine ndalembetsa shopu ya Bambo. Mipando yawo ndi yabwino kuposa ya kuno, koma imangodya fumbi podikira munthu wodutsa pamsewu. Inu chanu n'chimodzi: tengani foni, mujambule vidiyo ya shopu yonse, ngodya ndi ngodya. Pulogalamuyo izindikira yokha kuti ichi ndi kabati, ichi ndi bedi, iyeza kukula kwake, n'kuika mtengo potsata mndandanda munanditumizira uja. Simufunika kudina chilichonse.

Bambo muwafotokozere pang'onopang'ono. Mukudziwa m'mene alili.

Ine mlongo wanu,
Mabatani (poti dzina langa lenileni munaliiwala kale)

12 Malichi

Mabatani mlongo wanga,

Moni. Tonse tili bwino. Ana akuti amalume awo akhala chithunzi cha pakhoma, zaka zinayi osaoneka. Yankha wekha.

Vidiyo ija ndinajambula tsiku limene Bambo anati akukagula guluu. Ndinazungulira paliponse monga unanenera, ngakhale m'chipinda cha kuseri chimene amakhoma masiku ano. Kiyi ndinaipeza m'thumba la ovololo yawo. Mulibe cha nzeru m'menemo, matabwa okhaokha ndi kabati yosatha itaima kumbuyo kwa mapulayiwudi. Ndinangodutsitsa foni n'kutuluka, chifukwa utuchi unandigwira pakhosi.

Koma iwe, zinthu zakozi n'zoopsa! Lolemba m'mawa ndikusesa pakhomo, panaima galimoto. Dalaivala watsika ndi pepala, akuti, "Ndabwera kudzatenga mipando inayi ndi tebulo." Ine ndikuti wagula ndani? Iye akuti sakudziwa. Wakambirana ndi ndani? Akuti sakudziwanso. Ndikuyang'ana pa foni, zonse zatha kale dzulo lake ine ndikuchapa. Anyamula, galimoto isanakhote n'komwe, ndalama zalowa. Ndinakhala pa benchi kukamwa kuli yasa.

Bambo sanasangalale. Pulogalamu yakoyo aipatsa dzina, akuti "kalaliki wosaoneka." Anafunsa kuti, "Ndiye wogula mpando wanga sanaukhalire n'komwe? Sanaugwedeze kuti aone ngati ukulira?" Nditati ayi, anapukusa mutu n'kubwerera kukapala thabwa. Komabe dzulo dalaivala atatenganso mabedi awiri ndinawamva akuimba mluzu.

Ine ndasiya n'kuyang'ana komwe mauthenga a kalalikiyo, amachuluka ngati nyerere. Dalaivala akabwera ndi pepala, ndimangomuonetsa katundu.

Wafunsa za Bambo. Awonda pang'ono, lamba abooleranso kabowo kena. Ndikawafunsa akuti ndi ukalamba. Uziwaimbira, ngakhale azidula.

Mlongo wako

20 Malichi

Achemwali,

Wamwalira ndani?

Ndaimba kasanu ndi kawiri, simukuyankha. Foni ya Bambo ndi yozima. Alamu ayankha kamodzi, angoti, "Akuuza okha achemwali ako," n'kudula.

M'mawa uno ndatsegula kompyuta kuofesi kuti ndionetse anzanga m'mene shopu yathu ikuyendera. Pamwamba penipeni palembedwa kuti dzulo masana tagulitsa bokosi lamaliro limodzi, lathabwa lolimba, lotalika pafupifupi mamita awiri, lotengedwa lero. Ndinaseka poyamba, ndimati pulogalamu yasokoneza kabati. Kenako ndinakulitsa chithunzi chochokera mu vidiyo yanu ija. Achemwali, si kabati. Ndi bokosi, laimikidwa kukhoma, chivundikiro chake chili pambali.

Bambo sakhoma mabokosi. Chimwalirire Amayi analumbira pamaso pathu kuti sowo yawo sidzadulanso thabwa la maliro, ndipo anthu angati awabweza pakhomo paja? Ndiye bokosili likutani m'shopu mwathu? Ndipo munthu wotalika chonchi m'banja mwathu ndi mmodzi yekha. Si pachabe anthu amawatchula a Mlongoti.

Ngati chachitika chinthu, musandibisire poti ndili kutali. Sindine mwana.

Mabatani

21 Malichi

Achemwali,

Tsiku lachiwiri ili. Kuntchito sindinapite. Ngati mukudikira kuti muike kaye maliro kenako mudzandiuze, dziwani kuti sindidzakukhululukirani. Lembani ngakhale liwu limodzi.

Mabatani

22 Malichi

Mabatani,

Bambo ali moyo. Pumira kaye m'mwamba, kenako uwerenge bwinobwino, chifukwa ine mkwiyo wanga sunathe.

Foni ndinaiiwala pa benchi m'shopu, ndipo masiku awiriwa ndinali kuchipatala. Alamu ako ndinawaletsa ndine kulankhula, ndimafuna umve kwa ine.

Lachinayi dalaivala uja anabwera monga mwa nthawi zonse. Sanatsike ndi nthabwala zake. Anavula chipewa, akuti, "Pepani mayi, lero ndabwerera bokosi." Ine ndinaseka, ndikuti mwasochera achimwene, kuno timakhoma za amoyo. Iye anandionetsa chithunzi pa pepala. Ndinazindikira khoma la chipinda cha kuseri, ndi kalendala yakale ija.

Bambo anali akusanja misomali. Atamva mawu oti bokosi, chitini chinawapulumuka, misomali mbwee pansi. Anayenda mofulumira kuposa m'mene ndawaonera chaka chino, n'kukaima pachitseko cha kuseri atatambasula manja.

"Muno simulowa munthu."

"Bambo, muli chiyani m'menemo?"

"Ndati simulowa munthu."

Dalaivala akuti, "Madala, ine ndangotumidwa. Apa palembedwa kuti mwagwirizana kale."

"Ndagwirizana ndi ndani? Wandifunsa ndani ine?"

Sindinawamvepo akukuwa chotero. Ndinawagwira dzanja, ndikuti Bambo, ngati ndi la kasitomala tingomuuza. Kenako anati, motsitsa mawu, "Ndi langa."

Anatsegula okha chitseko. Nditachotsa mapulayiwudi ndinaliona bwino. Iwe ukudziwa ntchito ya Bambo akaifatsira. Lopalidwa mpaka kusalala ngati galasi, molumikiza mosaoneka. M'kati mwa chivundikiro alembamo ndi pensulo miyezo ya thupi lawo, ndipo pansi pake mawu akuti, "Musagule lina. Ili lakwana." Pansi pa bokosilo panali jumbo. M'jumbomo muli makadi a kuchipatala, mapepala a zoyeza ndi mabotolo a mankhwala. Deti yoyamba ndi ya Okutobala. Ali ndi khansa ya m'matumbo. Miyezi isanu, ine ndikuwaphikira, ndikuwachapira, ndikukhulupirira kuti akukagula guluu!

Ndikuwerenga mapepalawo ndinangomva phi kumbuyo. Agwa. Dalaivala yemwe anabwerera bokosi ndi amene anawanyamula pamsana n'kuwathamangitsira kuchipatala pa galimoto yomweyo.

Adokotala atandiona anati, "Ndiye mwana wawo ndinu? Anatiuza kuti alibe aliyense pafupi." Akuti opaleshoni anawauza kalekale, iwo anakana. Lero atuluka, ali kunyumba, sakulankhula ndi munthu.

Tsono mvera. Dalaivala akubweranso Lolemba. Akuti akapanda kunyamula, iyenso zimuvuta kwa mabwana ake. Chinthu chako chagulitsa bokosi la bambo ako iwo ali moyo, osafunsa aliyense. Unachipanga ndiwe, chiletse ndiwe. Lolemba lisanafike.

Mlongo wako

23 Malichi

Achemwali,

Kalata yanu ndaiwerenga nditakhala pansi m'khitchini, ndipo sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Okutobala! Mwezi umenewo ndinawatumizira chithunzi cha desiki yanga yatsopano, iwo n'kuyankha kuti miyendo yake ndi yoonda. Ine ndinakwiya. Sindinafunse n'komwe kuti adzuka bwanji.

Za kuletsa zija, ndayesa. Sizikutheka. Ndaimbira abwana kunyumba kwawo Lamlungu lomwe lino, ndawafotokozera zonse. Iwo anati, "Iwe ndi amene unatiuza kuti pasakhale khomo lakuseri, ngakhale la ife eni ake." N'zoona. Ndinamanga nyumba yopanda chitseko, ndipo woyamba kutsekeredwamo ndine. Amene angamasule mgwirizanowu ndi wogula yekha. Wogulayo kwa ine ndi mzere wa manambala ndi zilembo, sindikudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Ndatumiza uthenga ku chikwama chake kupempha kuti munthu weniweni awerenge. Palibe yankho.

Bambo akakana kupereka, palibe amene awamange. Shopu yathu ingolembedwa kuti ndi yosakhulupirika, ndipo zikwama zonse zisiya kugulako. Zimenezo zisakudetseni nkhawa. Itsekedwe. Musalole aliyense kukhudza bokosilo ngati iwo sakufuna.

Pali china chimene ndikuchita nacho manyazi, koma ndikuuzani. Ndawerenga m'mene awiriwa anakambirana. Chikwama cha wogula chinati m'kati mwa chivundikiro muli zolembalemba za pensulo, choncho katunduyo ali ndi chilema, mtengo utsike. Kalaliki wathu anavomera, natsitsa. Mawu amene Bambo anatilembera ife aja, iye anawaona ngati dothi. Zonsezi zinatenga masekondi anayi.

Nditawerenga zimenezo ndinatseka kompyuta.

Adokotala akuti opaleshoni ikadathekabe? Afunseni bwino, mundilembere mawu awo enieni. Ndipo muwauze Bambo kuti ayatse foni. Akhoza kundikalipira m'mene angafunire, bola ndimve mawu awo.

Mlongo wanu

25 Malichi

Mabatani,

Moni. Bambo adya pang'ono lero. Bokosi lapita. Usadzidzimuke, alipereka okha.

Dzulo anakakamira kupita kushopu. Anakhala pampando kutsogolo kwa chitseko chija ngati mlonda, nyundo ili pamiyendo. Cha m'ma teni galimoto inafika. Koma dalaivala sanali yekha. Anatsika naye mayi wina wachikulire, wovala zakuda, nsapato zili ndi fumbi, maso otupa. Analonjera mwaulemu n'kukhala pa benchi.

Akuti amuna awo anamwalira Lachiwiri lapitalo, ndipo mpaka dzulo anali ku mochale. Anali munthu wamtali kwambiri, mabokosi onse ogulitsa okonzeka kale anawachepera. Wina anawauza kuti angowapinda miyendo. Mayiwo anakana. Ndiye mwana wawo yekhayo, amene amagwira ntchito kunja ngati iwe, anauza foni yake kuti isake bokosi lalitali. Ndi chikwama chake chija chinagula. Uthenga wako anauona, n'kuwaimbira mayi ake, iwo n'kuti, "Ndikaonane nawo ndekha anthuwo."

Anati, "Bambo, ndamva kuti ndi lanu. Sindinabwere kudzalanda. Mwana wanga akuti akhoza kudina n'kumasula, inu mungonena."

Bambo anafunsa, "Mwana wanuyo afika liti?"

Mayiwo anayang'ana pansi. "Sabwera. Akuti tchuthi chinatha. Adzaonera pa foni."

"Anadziwa kuti bambo ake akudwala?"

"Malemuwo anandiletsa kumuuza. Ankati asasokonezeke pantchito. Wamva atatisiya kale." Kenako anati, "Pa foni sakulira n'komwe. Akungofunsa kuti agule chiyani china, maluwa kapena chiyani. Ndikudziwa mwana wanga. Chimenechi chidzamudya moyo wake wonse."

Dalaivala anatuluka panja.

Bambo anaika nyundo pansi. Anafunsa kutalika kwa malemuwo, mayiwo n'kutchula. Iwo anati, "Andiposa ndi chala chimodzi, koma ndinasiya malo. Akwana." Anaimirira, n'kundituma sandipepa. Mawu a pensulo aja anawafuta okha, pang'onopang'ono, akupumira m'njira. Ndinati ndiwathandize, anakana. Zogwirira anali asanaike, anaziika pomwepo, zisanu ndi chimodzi, akuyesa chilichonse ndi dzanja. Atatha anauza mayiwo kuti, "Mukawagoneke bwino, mutu mbali yotakatayi."

Galimoto itachoka, foni yanga inalira kuti ndalama zalowa. Ndinafuna kuiponya kukhoma.

Bambo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pamene panali bokosi paja. Kenako anandifunsa ngati m'nyumba muli pepala ndi cholembera. Akulembera okha, ndidzajambula n'kukutumizira.

Pa zimene ndinakulembera ndili ndi mkwiyo zija, sindikubweza zonse. Chinthu chako chilibe ulemu. Koma chikanapanda kulowa m'chipinda chija, ine ndi iwe tikanadziwa tsiku lowagoneka m'menemo.

Mlongo wako

30 Malichi

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Ndikhulupirira uli bwino. Ukhululuke zilembo, dzanja lazolowera pensulo ya pathabwa.

Wamva zonse, sindibwereza. Ndinabisa chifukwa ndinaona m'mene matenda a amayi ako anakuvutitsirani. Iwe unasiya sukulu chaka chathunthu, mlongo wako anaonda ngati ndodo. Ndinati ine ndidzachoka mwakachetechete ngati mlendo waulemu, zonse nditakonza, osasiyira ana chipwirikiti. Ndinkayesa ndi chikondi. Nditamva mayi uja akunena za mwana wake, ndinaona kuti ndimafuna kukuchita zomwezo.

Kalaliki wakoyo ndi wamwano. Wakuba amaopa, iyeyu saopa n'komwe. Munthu sagulitsa chinthu asanafunse mwini wake kuti kodi ichi n'chogulitsa. Umuphunzitse zimenezo. Ngati sangaphunzire, umuchotse ntchito.

Lachinayi ndinapita kwa adokotala ndi mlongo wako. Ndavomera opaleshoni. Ili pa 9 Epulo m'mawa. Adokotala sanandinamize, akuti tachedwa, aona akatsegula.

Sindinakupemphepo kanthu chichokere iwe. Lero ndikupempha. Bwera. Usatumize chinthu, usatumize munthu. Ndikufuna polowa m'chipinda chija ndione nkhope yako, ndi magalasi akowo.

Bambo ako

31 Malichi

Bambo,

Ndifika Loweruka pa 5, masana. Abwana ndawauza, sindinawapemphe. Musadzandichingamire, njira ndikuikumbuka.

Mwana wanu

11 Meyi

Mabatani mlongo wanga,

Moni. Tamva kuti unafika bwino. Ana akukanganirana kapu imene unkamwera. M'nyumba mwakula chichokere iwe, masabata anayi aja anatizoloweza zoipa.

Kalaliki wasintha khalidwe. Tsopano asanavomere chilichonse amayamba wafunsa, "Kodi ichi chigulitsidwe?" ndipo amadikira mpaka munthu ayankhe. Wati kukampani ena akudandaula kuti malonda achedwa. Adandaule. Bambo ndi amene amayankha, foni ataigwira patali ngati ikuwotcha. Dzulo anakaniza munthu tebulo chifukwa vanishi anali asanaume bwino.

Lachitatu tinapita kuchipatala kukamva zotsatira za opaleshoni zija. Ndikuuza monga anatiuzira, poti tinalonjezana kuti zobisa zatha. Anachotsa zimene anatha, koma matendawa afika kuchiwindi. Mankhwala awapatsa ochepetsa ululu ndi kuwonjezera masiku. Ndinafunsa kuti masiku angati. Adokotala anati mwina chaka, mwina osafika. Bambo anathokoza, n'kuwauza kuti mpando wa mu ofesi mwawo ukugwedera, adzawakonzera.

Lachisanu m'mawa ndikufika kushopu ndinapeza matabwa atsopano asanu ndi limodzi, aatali, atawasanja kutsogolo penipeni, pamene timaika katundu woonetsa. Chitseko chili chotsegula, anthu akudutsa pamsewu. Sindinafunse. Ndinadziwa.

Ndinati, "Bambo, pano? Pamaso pa anthu?"

Anati, "Kuseri kuja kuli mdima, ndipo ndatopa n'kukhoma zitseko. Tenga tepi."

Mabatani, ndinafuna kuthawa. Anaima chowongoka kukhoma, atavula nsapato, akundiyang'ana ngati m'mene ankatiyang'anira potiphunzitsa kugwira sowo. Ndinatenga tepiyo. Ndinakwera pa kampando chifukwa sindiwafikira, n'kuyeza kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako mapewa. Misozi inkagwera pa manambala, ndinawerenga kawiri. Iwo analemba pathabwa, n'kuti, "Mapewa achepa. Tisunga thabwa limodzi."

Ndinaseka ndikulira, iwonso anaseka mpaka kugwira pabala.

Akugwira pang'onopang'ono, ola limodzi patsiku, ine ndikuwagwirira matabwa. Akuti sakuthamangira kulikonse. Chivundikiro akuti sachikhudza. Matabwa ake awaika padera, alembapo dzina lako, lenileni lija. Akuti udzachipale ndiwe ukabwera mu Ogasiti, iwo atakhala pambali, chifukwa sakukhulupirira kuti ukukumbuka kugwira chopalira.

Uyambe kuyeserera. Ukudziwa m'mene amakalipira thabwa likapindika.

Mlongo wako